Chingolo cha Malume

Mufakitale yosoka malaya ija, Lolemba lililonse linkayamba ndi msonkhano woimirira. Mipando inalipo, koma manijala watsopano anati munthu akakhala pansi mawu amachuluka, ndiye onse ankaunjikana pakati pa makina, manja kumbuyo, kwa mphindi khumi. Dzina lenileni la manijalayo linaiwalika sabata yoyamba yomwe. Aliyense ankangoti a Pang'onopang'ono, poti mawu amenewo sankachoka pakamwa pawo.

"Sitikufuna zozizwitsa," ankatero. "Tikufuna kusintha pang'onopang'ono, tsiku lililonse. Ulusi wotayika, nsalu yotsalira, mapazi oyenda pachabe, munthu wongokhala kudikira, zonsezi zimakweza mtengo wa malaya athu. Ogula akathawira kwa otchipa, tonse tili pamsewu. Odziwa pamene pakudontha ndinu, osati ine."

Anakhomera bokosi lobiriwira pafupi ndi chitseko cha ofesi, pambali pake timapepala ndi cholembera chomangirira ku chingwe. Analonjezanso, dzanja pachifuwa, kuti palibe amene adzachotsedwe ntchito chifukwa cha ganizo labwino.

Kunena chilungamo, zina zinathandizadi. Masizasi anawamangirira ku makina, ndipo kukanganirana sizasi kunatha. Zidutswa za nsalu zimene kale zinkapita kudzala anayamba kudulamo matumba a malaya. Mafuta a makina anawapezera shelefu yake, ndiye amakanika anasiya kuyendayenda ngati nkhuku yofuna poikira.

Pa makina achinayi a mzere woyamba pankakhala mtsikana wina amene anzake ankamutchula Makolala. Zaka zitatu akusoka makolala okhaokha. Manja ake anali achangu, mtima wake wachangu kuposa manjawo. Ntchitoyo anamupezera ndi malume ake, amene anakagwada kwa kapitawo chipewa chili m'manja, kunena kuti mwana wa mlongo wawo sadzachititsa manyazi munthu.

Malumewo anali atagwira pafakitalepo zaka pafupifupi makumi awiri. Ntchito yawo inali imodzi: kutenga mitolo ya nsalu zodulidwa kale kuchipinda chodulira, chimene chinali kumapeto kwa nyumbayo, kuikweza pa chingolo cha matayala anayi, n'kukankha kudutsa kanjira katali mpaka kwa osoka. Anthu ankawatchula a Chingolo, ndipo iwo ankayankha mosadandaula. Tayala limodzi linkalira, moti osoka ankadziwira patali kuti ntchito ikubwera.

Tsiku lina Lachinayi masana, Makolala anamaliza mtolo wake, wina osaoneka. Anadikira. Anapukuta makina amene anali oyera kale. Kenako kapitawo anadutsa, mayi wamlomo wakuthwa amene sankalola munthu kupuma chabe.

"Makolala, wabwera kudzawotha makinawo? Ndikubweretsere bulangeti?"

Mzere wonse unaseka. Pa bolodi pamene ankalemba malaya amene aliyense wasoka, nambala yake inali itatsalira. Anadzuka n'kusuzumira m'kanjira muja, ndipo anawaona. Malume anali ataima pakati penipeni pa njira, pamene panali zenera lalikulu, akutembenuza nsalu, kuyang'ana iyi, kuyang'ana iyo, ngati mayi wosankha kaunjika pamsika. Magazi anamuwira. Belu lopumira litalira anapita molunjika ku bokosi lija, nalemba mwamphamvu mpaka cholembera chinaboola pepala:

"Thebulo lodulira libwere pafupi ndi osoka. Tikutaya nthawi kudikira chingolo chimene chimangoima panjira popanda chifukwa."

Dzina sanalembe. Pofika madzulo mkwiyo unali utatha, ndipo anayenda ndi malume akewo mpaka pokwerera basi, akuseka nkhani za mpira.

Lolemba a Pang'onopang'ono anawerenga kapepalako pamaso pa onse, mawu ndi mawu, nkhope ikuwala. Anafunsa mwini wake kuti akweze dzanja. Palibe anakweza. Makolala anayang'ana nsapato zake. Tsiku lomwelo manijala anayenda pambuyo pa chingolo atanyamula wotchi, akuwerenga mapazi. Anapeza 140 kupita, 140 kubwera, maulendo makumi atatu pa tsiku. Patatha masabata awiri khoma linagumulidwa, matebulo odulira anasendezedwa, ndipo mitolo inayamba kuchoka m'manja mwa odula n'kugwera pashelefu imene osoka ankangotambasulira dzanja. Chingolo anachikankhira kuseri kwa nyumba. Malume anawapatsa tsache.

"Mwaona?" anatero manijala. "Palibe wachotsedwa."

Mwezi utatha kunabwera kalata. Osesa analipo kale awiri, ndipo wachitatu sankafunika. Ntchito ya a Chingolo idzatha Lachisanu lomaliza la mwezi. Kapitawo, mlomo wake uja, anawakumbutsa manijala za dzanja pachifuwa. Iwo anayankha kuti munthuyo sakuchotsedwa chifukwa cha ganizo, akuchotsedwa chifukwa malo ake palibe. Mawu oterewa amafuna munthu wophunzira kuti awapeke.

Kuyambira pamenepo chakudya chinasiya kumutsika Makolala. Anayesa kudzinamiza kuti anachitira mawondo a malume, amene ankatupa nyengo yozizira. Bodzalo linkagwira mpaka nthawi ya tiyi basi. Iye ankadziwa bwino lomwe kuti pamene ankalemba, mawondo a munthu sanali m'mutu mwake. M'mutu mwake munali bulangeti la kapitawo ndi kuseka kwa anzake.

Chopweteka kwambiri n'chakuti malumewo sanasinthe. Ankafika ndi tsache pa makina achinayi n'kunena kuti, "Kwezani mapazi, bwana wanga, wantchito wanu adutse." Nthawi yopuma ankatulutsa nthochi ziwiri m'thumba la ovololo, imodzi n'kumupatsa iye, ngati mmene ankachitira ali kamwana.

Mayi wina wokhomera mabatani, amene ankakhala moyandikana naye, sankatopa kutukwana.

"Amene analemba kapepala kaja, dzanja lake lidzaume. Ndikukuuza, ndi mmodzi mwa anyamata odula nsaluwa, ofuna kuoneka ochenjera. Munthu wamkulu ngati uja kumugwiritsa tsache? Iwe ukungokhala chete, si malume ako?"

"Lidzaumedi," anatero Makolala, dzanja lomwelo likulowetsa kolala pansi pa singano.

Kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti mwezi uthe, galimoto inabweza makatoni asanu ndi limodzi. Anali malaya abuluu a kampani ina ya alonda. M'fakitale, pansi pa magetsi, ankaoneka bwinobwino. Koma kapitawo atatulutsa amodzi panja, aliyense anaona: thupi la malayawo linali lotuwirako, mikono yake yoderako, ngati munthu wabwereka mikono kwa mnzake. Odula anati vuto ndi osoka. Osoka anati amasoka zimene apatsidwa. Kapitawo anati pa zaka zake zonse zoterezi sanazionepo.

Nthawi ya nkhomaliro Makolala anawapeza malume atakhala pa katoni kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chingolo chawo chimene chinali chitayamba dzimbiri.

"Malume, mwawaona malaya abwerawa?"

"Ndawaona. Asakaniza mipukutu."

"Mipukutu yake si yofanana? Yonse ndi yabuluu."

Anaseka pang'ono, nadzuka akugwira bondo. "Tiye."

Anatola zidutswa ziwiri m'dengu la zinyalala n'kumutsogolera m'kanjira kakale kaja, kamene tsopano kanali kosungiramo makatoni. Anaima pa zenera lija. Anaika zidutswazo pamodzi pansi pa getsi.

"Zikusiyana?"

"Ayi."

Anazisendezera pa kuwala kwa dzuwa. "Nanga pano?"

Makolala anayang'anitsitsa. China chinali ngati thambo la m'mawa, china ngati la mvula.

"Nsalu imabwera m'mipukutu," anatero malume. "Dzina limodzi, nambala imodzi, koma utoto sugwira mofanana. Odula aja amayala mipukutu itatu inayi pamodzi, kudula, kumanga mitolo mothamanga. Chipinda chawo chilibe zenera, chanunso chilibe. Kupatula ku ofesi, dzuwa m'nyumba yonseyi limalowera pano pokha. Ndiye ine ndikafika apa ndinkamasula, kuona mkono ndi thupi lake, kolala ndi thumba. Zikasiyana ndinkasinthanitsa, aliyense apite ndi m'bale wake."

"Anakutumani ndani?"

"Palibe. Chaka changa chachiwiri anabweza katundu ngati lero, bwana wa nthawiyo anachotsa odula awiri. Mmodzi anali ndi ana asanu. Ndinangoti, ine ndimadutsa pazenera, chingandivute n'chiyani."

"Ndiye bwanji simunawauze a Pang'onopang'ono tsiku lija ankakutsatani ndi wotchi?"

"Munthu akukuwerengera mapazi, iwe uime? Tsiku limenelo ndinathamanga ngati mnyamata. Ndinkafuna aone kuti ndikadali ndi mphamvu."

Makolala anamva ngati wameza mwala. Komabe pansi pa mwalawo panatuluka kachiyembekezo, ndipo kanamuyaka ngati moto wa pulasitiki. Anawalanda zidutswa zija n'kuthamangira ku ofesi. Sanagogode.

A Pang'onopang'ono anali akudya buledi pa desiki, malaya amodzi obwezedwa ali patsogolo pawo. Anamvetsera zonse osamudula mawu. Anatenga zidutswazo, kupita nazo pa zenera la ofesi, kuzitembenuza, kenako anaimba kamluzu.

"Zaka zonsezi, ndipo palibe analemba paliponse?"

"Palibe, bwana. Ndi iwo okha amadziwa. Ndiye mukuona kuti sangachoke. Muwaike pa thebulo lodulira, aziona mitolo isanafike kwa ife."

Manijala anali atayamba kale kulemba m'kabuku kawo. "Vuto lake taligwira pamuzu. Mpukutu uliwonse ukamatsegulidwa tiziupatsa nambala. Wodula azimata kapepala ka nambalayo pa chidutswa chilichonse. Wosoka aziona: wani ndi wani, thuu ndi thuu. Palibe kusakaniza, palibe kudalira diso la munthu. Mwatipulumutsa, chemwali."

"Ine ndikunena za malume anga."

"Ndamva. Koma taganizani. Diso la munthu limakalamba, limadwala, limapita kumaliro. Kapepala komata sikapita kumaliro."

Apa ndiye chivindikiro chinaphulika.

"Kapepala kanuko kakanadziwa bwanji popanda iwo? Mwayenda m'nyumba muno miyezi isanu ndi wotchi yanu, munaona chiyani? Munawerenga mapazi awo, simunawafunse ngakhale funso limodzi. Nzeru mwatenga, munthu mwataya ngati khoko la nthochi. Munalumbira pamaso pathu, dzanja lili apa."

"Chepetsani mawu."

"Sindichepetsa. Kapepala koyamba kaja ndinalemba ndine. Ndabwera kudzakatenga. Ndinalakwitsa, sindinkadziwa chimene ankaimira. Bwezani zinthu mmene zinalili."

Manijala anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Sanaoneke wokwiya, ndipo zimenezo zinamupsetsa mtima kwambiri.

"Khoma tinagumula kale. Ndipo simunalakwitse. Kuyambira pamene chingolo chinaima, mzere wanu ukutulutsa malaya ochuluka kuposa kale lonse. Eni fakitale ankafuna nditseke mzere wachitatu wonse, anthu khumi ndi awiri. Ndawaonetsa kuti tikhoza kutsitsa mtengo osatseka. Mukuganiza kuti ine ndimagona bwino? Munthu mmodzi kapena khumi ndi awiri, musankhe inuyo."

"Musandisenzetse katundu wanu. Pamene munkalonjeza simunati mmodzi yekha ndiye ayi."

"Sindinatero, n'zoona." Anavalanso magalasi. "Maganizo awiri akuluakulu chaka chino achokera kwa inu. Ndikufuna dzina lanu likhale pa bolodi."

"Mukalemba dzina langa pa bolodipo ndidzafufuta ndi malovu."

Anatuluka n'kumenyetsa chitseko mpaka bokosi lobiriwira linagwedera. Atafika pa makina ake ndi pamene zinamulowa bwino. Koyamba anawalanda malume chingolo. Tsopano anali atawalanda chinthu chokhacho chimene chinatsala m'manja mwawo, ndipo anachita kuchinyamula yekha, akuthamanga, kukachipereka ku ofesi.

Timapepala tomata tinafika Lachitatu. Tinagwira ntchito bwino lomwe. Malume anatola kamodzi pansi akusesa, anakayang'anitsitsa, n'kunena kwa mayi wa mabatani uja kuti, "Anzeru ndithu anthuwa." Makolala anaweramira pa singano.

Lachisanu lomaliza, belu la nkhomaliro litalira, anawatsatira kuchipinda chosinthira zovala. Anawapeza akupinda ovololo yawo mosamala pabenchi, mabatani onse atamanga, kuti akabweze kusitolo ya fakitale. Nsapato za ntchito anali ataziika pambali, atazipukuta.

"Wabwera kudzandiperekeza? Nthawi sinakwane, ndikadali wantchito mpaka faifi."

"Malume, ndili ndi mawu."

"Ngati ndi za ku ofesi zija, ndinamva. Nyumba yonse inamva. Akuti unatsala pang'ono kuwameza bwana ndi magalasi omwe. Mtima umenewo ndi wa agogo ako aakazi. Usadzitayitse ntchito chifukwa cha ine."

Ndiye kuti anamva phokoso lokha, mawu ake sanawamve. Mpata wothawira unalipo, wotseguka bwinobwino. Makolala anauyang'ana.

"Kapepala kaja ndinalemba ndine."

Manja a malume anaima pa ovololo.

"Kati?"

"Koyamba kaja. Ka thebulo lodulira."

Malume anakhala pansi pang'onopang'ono pabenchipo. Kunja wina ankaseka, mpope wa madzi ukuthira m'ndowa. Makolala analakalaka akanangomumenya mbama.

"Popanda chifukwa," anatero malume potsiriza. "Chimangoima panjira popanda chifukwa. Za thebulozo sizinandiwawe, zinali zoona. Koma mawu awiri amenewo ndakhala ndikuwatafuna miyezi iwiri. Ndinkayang'ana anyamata odula nsalu aja mmodzimmodzi, kuti mwa awa, amene ndinkawabisira zolakwa zawo, ndani wandinena chonchi. Wina ndinasiya kumuyankha moni. Mwana wosalakwa."

"Ndinali nditakwiya, malume. Kapitawo anandiseka pagulu, ndiye ine..."

"Unandiona nditaima."

"Eya."

"Kuchoka pa makina ako kufika pazenera paja ndi patali bwanji? Ukanabwera n'kunditukwana pamaso. Ukanati, mdala iwe ukuchedwa chiyani. Ndikanakuonetsa tsiku lomwelo."

Makolala anagwada pasimenti. Misozi inali ikugwera pa nsapato zopukutidwa zija. "Ndikhululukireni. Ndisiya ntchito, ndipita nanu limodzi."

"Usiye kuti chichitike n'chiyani? Tikhale awiri pakhonde tikuwerenga magalimoto? Dzuka, anthu alowa muno." Sanamugwire paphewa monga ankachitira. Anatenga ovololo n'kuika pamiyendo. "Za kukhululuka usandifulumize. Ndine munthu, ndipatse nthawi. Koma pali chimodzi ndikupemphe."

"Chilichonse, malume."

"Mayi ako asamve. Za kalata ija sindinawauze, ndipo za iwezi asadzazimve n'komwe. Mlongo wanga uja amakunyadira, ndipo mtima wake madokotala anauletsa kale zodzidzimutsa. Ndinadutsako dzulo, ndawauza kuti ndatopa, mawondo akana, ndapempha ndekha kupuma. Iwenso uzinena zomwezo."

"Ndiye ndizinama?"

"Wakhala chete miyezi iwiri, sunafe. Upitirize."

Anadzuka, ananyamula ovololo ndi nsapato, n'kutuluka kulunjika kusitolo. Faifi itakwana sanamudikire pageti. Makolala anawaona patali akuwoloka msewu, kachikwama kali kukhwapa, akupita kokwerera basi kwina kumene sankakwererako.

Kunyumba anapeza mayi ake akuanula zovala pachingwe, dzuwa lisanalowe. Anawalandira dengu n'kuyamba kupinda, kuti manja apeze chochita.

"Malume ako atsanzika bwino?"

"Atsanzika."

"Akuti atopa. Ine ndinadabwa, munthu uja ntchito amaikonda ngati mkazi wachiwiri. Koma ndinati bola apume asanagwere panjira. Iwe umawaona tsiku ndi tsiku, analidi atatopa?"

Makolala anapinda shiti pakati, n'kupindanso, m'mphepete mwake mukukana kulingana.

"Anali atatopa, amayi."

"Ndiye Lamlungu tipite tikawaone. Uwagulire kenakake kabwino, mwanawe. Pakanapanda iwo aja, bwenzi iwe uli kuti?"

"Ndiwagulira," anatero, nafunyulula shitiyo kuti ayambirenso.